Botolo la Madzi Pansi pa Mtengo wa Mango



Lamulungu lapitali, Misa yachiwiri itatha, sitinabalalike msanga monga timachitira masiku onse. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango uja wa kuseri kwa tchalitchi, pomwe timachitira misonkhano yathu dzuwa likakula, chifukwa mmodzi wa ife anali atabwera ku tchuthi. Dzina lake sitilemba pano. Amene mumapemphera nafe mukumudziwa kale. Tingonena kuti ndi mlongo wathu amene anakulira konkuno ku Phalula, anatunga nafe madzi pa mjigo, anaimba nafe m'kwaya, ndipo tsopano ali m'chaka chomaliza ku yunivesite, komwe akuphunzira uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala. Pa Chingerezi maphunzirowa amati biomedical engineering. Agogo ake akafunsidwa amangoti mdzukulu wawo akuphunzira udokotala wa makina, ndipo ife tikuona kuti agogowo sanaphonye kwenikweni.

Mnyamata wina wa Fomu 3, amene sadziwa kusunga funso m'kamwa, ndiye anayambitsa nkhani. "Achemwali, kodi inuyo kusukulu kwanuko mumaphunzira chiyani kwenikweni? Mumabaya jakisoni?" Tonse tinaseka. Mlongo wathuyo sanayankhe ndi pakamwa. Anatuma mwana kuti akatenge botolo la Sobo lopanda kanthu, nalidzaza madzi, napempha kapaipi ka pulasitiki kwa mnyamata wa njinga yamoto amene ankadikira makasitomala pamsewu. Atakatsuka, anauza wofunsa uja kuti aviike nsonga yake pang'ono m'madzimo ndi kuuzira. Madzi anachita thovu mosavuta. Kenako anamuuza kuti akankhire kapaipiko pansi penipeni pa botolo ndi kuuziranso. Masaya a mnyamatayo anafufuma.

"Mwamva kulimbako, achimwene?" anafunsa motero. "Kulimba kumeneko ndi kumene kumasunga moyo wa mwana wobadwa masiku asanakwane."

Anatifotokozera motere. M'mapapo mwathu muli timatumba ting'onoting'ono tosawerengeka tomwe timalandira mpweya. Mwa munthu wamkulu, ndi mwa mwana wobadwa pa nthawi yake, m'timatumbamo mumakhala timadzi tina toterera tomwe timaletsa kuti timatumbato timatane munthu akatulutsa mpweya. Mwana wobadwa miyezi isanakwane amakhala asanapange timadzi timeneti tokwanira. Choncho akangotulutsa mpweya, timatumba tija timaphwa n'kumatana, ndipo kuti atitsegulenso ayenera kukoka mpweya ndi mphamvu zake zonse, ngati munthu amene akuuzira chibaluni chatsopano pa kupuma kulikonse. Amatopa. Pachifuwa pamalowa m'kati, amayamba kubuula, kenako amangoleka. Makina amene madokotala amawatcha CPAP amakankhira mpweya m'mphuno mwa mwanayo mosalekeza, kuti timatumba tija tisaphweretu. Ndipo mu mtundu wina wa makinawa, chimene chimalamulira kukula kwa mphamvu ya mpweyawo ndi botolo la madzi basi. Namwino akafuna kuwonjezera mphamvu amawonjezera kuya kwa madzi pamwamba pa nsonga ya paipi, masentimita 5, 6 kapena 7, ndipo thovu likamatuluka amadziwa kuti makina akugwira ntchito.

Makina otere alipo m'zipatala za dziko lino, ndipo dzina lake ndi lathulathu: Pumani. Mbiri yake ndi imene tikufuna kulingalira sabata ino, chifukwa m'kati mwake muli nkhani ya ophunzira ndi ndalama.

Cha mu 2010, ophunzira angapo a pa Rice University, mu mzinda wa Houston ku America, anapatsidwa ntchito ya m'kalasi yoti apange makina a CPAP amene chipatala chosauka chingakwanitse kugula. Makina omwe ankagwiritsidwa ntchito m'zipatala za mayiko olemera ankagulidwa pa madola pafupifupi 6,000 amodzi. Ophunzirawo anatenga timapampu tomwe anthu a kumeneko amauzira nato mpweya m'mabokosi agalasi owetera nsomba zokongoletsa nyumba, botolo la madzi akumwa, ndi bokosi la pulasitiki losungiramo nsapato. Makina oyamba anaoneka motero, ngati chidole cha ana. Aphunzitsi awo, a Rebecca Richards-Kortum ndi a Maria Oden, anali atayamba kale kugwira ntchito ndi madokotala a ana pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, monga Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi Dokotala Kondwani Kawaza. Mmodzi wa ophunzira aja, Jocelyn Brown, atamaliza maphunziro ake anabwera kudzakhala ku Blantyre, kugwira ntchito ndi anamwino a ku Chatinkha, kumva madandaulo awo, kusintha apa ndi apo kufikira makinawo anasanduka chinthu choti namwino wotopa angachigwiritse ntchito pakati pa usiku.

Zotsatira za kuyesa makinawa ku Gulupu zinasindikizidwa mu 2014. Mwa ana amene anaikidwa pa makina a CPAP, 71 pa 100 aliwonse anapulumuka. Mwa amene analandira okosijeni yekha m'mphuno monga zinkachitikira kale, anapulumuka 44 pa 100 aliwonse. Kuti timvetse kulemera kwa manambala amenewa tikumbukire kuti lipoti la mu 2012 la bungwe la World Health Organization ndi mabungwe anzake linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa kuchuluka kwa ana obadwa masiku asanakwane: ana 18 pa 100 aliwonse. Pambuyo pake makina a Pumani anafalitsidwa m'zipatala za boma za m'maboma.

Ife manambalawa sitiwawerenga ngati alendo. Zaka zingapo zapitazo mayi wina wa mu mphakati wathu anachira ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Anathamangira naye ku chipatala china chachikulu, ndipo amene anaperekeza anabwera ndi nkhani imene sitinaiiwale: m'chipinda cha ana munali makina ena opereka okosijeni ali pakona, atafunditsidwa chitenje kuopa fumbi, chifukwa anali atawonongeka kalekale, ndipo amene ankagwira ntchito anali kale pa ana ena. Anamwino anachita zonse zimene akanatha, anagawa mpweya wa makina amodzi kwa ana angapo. Kamwanako kanakhala masiku awiri. Monga mwa mwambo, anakakaika amayi okha, m'mamawa, popanda kulira mokweza. Mlongo wathu uja nthawi imeneyo anali Fomu 2, ndipo mayi ake anali m'gulu la amayi amene anapita kumandako. Zikanakoma tikanalemba kuti tsiku limenelo ndi limene anasankha ntchito ya moyo wake, koma iye mwini amakana. Amati anasankha maphunzirowa chifukwa ankakhoza masamu ndipo dzina lake linamukomera pa fomu. Chitenje chija anadzachikumbukira ali kale m'chaka chachiwiri, tsiku limene anatsegula makina otero koyamba ndi kupeza kuti chimene chimawapha kawirikawiri ndi fumbi ndi chinyezi.

Makina amenewo amakoka mpweya wamba womwe tonse timapuma, umene gawo la okosijeni ndi 21 pa 100, n'kuudutsitsa m'timiyala tina tomwe timagwira mpweya wa nitrogen n'kulola okosijeni kudutsa. Sefa yake ikadzaza fumbi, kapena timiyala tija tikamwa chinyezi, kapena magetsi akabwera ndi mphamvu yopyola muyezo atazima, makinawo amafooka kenako amafa. Aliyense amene anakhalapo ku Phalula mwezi wa Okutobala akudziwa fumbi limene tikunena. Ndipo vutoli si la kuno kokha. Mu 2011 akatswiri awiri a pa Duke University, Lora Perry ndi Robert Malkin, atawerenga zipangizo zoposa 100,000 m'zipatala za mayiko 16 osauka, anapeza kuti pafupifupi 38 pa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zambiri mwa izo zinabwera ngati mphatso, zopangidwira zipatala za mawindo otseka ndi magetsi osazima, popanda munthu wozikonza kapena zida zosinthira.

Tsopano tifike pa ndalama, pakuti apa ndi pamene nkhani ya pansi pa mtengo inafika potentha.

Ife kuno tikamva mawu akuti thandizo la maphunziro timaganiza za fizi. N'zomveka, chifukwa fizi ndi imene yabweza anzathu ambiri pakhomo. Kuyambira mu 2015 dziko lino lili ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe ophunzira amangoti Loans Board, limene limabwereketsa ndalama za fizi ndi zodyera kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite. Mlongo wathu akuphunzira ndi ngongole imeneyi, ndipo amaiyamikira. Popanda iyo bwenzi ali kuno akugulitsa mandasi pa siteji. Koma ndi ngongole, adzabweza akadzayamba ntchito, ndipo cholinga chake ndi kumusunga munthu m'kalasi. Sikolashipu ndi ina: ndi mphatso, siibwezedwa, ndipo amailimbirana. Palinso mtundu wachitatu umene ambiri a ife tinali tisanaumvepo, ndalama za kafukufuku. Zimenezi sizilipira fizi. Zimagula mawaya, mabatire, timapampu. Zimalipira ulendo wa wophunzira wopita ku chipatala kukafunsa anamwino. Zimamudyetsa pa tchuthi kuti m'malo mopita kumudzi kukathandiza kukolola akhale pa benchi kumalumikiza ndi kumasula chinthu chomwecho.

Mlongo wathu ananena mawu amene takhala tikuwatafuna sabata yonse. Anati ndalama za kafukufuku zimamugulira wophunzira mpata wolephera. Chipangizo chatsopano sichigwira ntchito ulendo woyamba. Choyamba chimapsa, chachiwiri chimanama, chachitatu chimagwira pa tebulo koma namwino akachiona amati n'chovuta kutsuka. Wophunzira amene ali ndi ndalama za chipangizo chimodzi chokha sangayese chatsopano; amakopera chimene akudziwa kuti chigwira, amalandira malikisi ake, n'kumapita. Ophunzira a ku Houston aja sanali anzeru kuposa ana a ku Balaka. Anali ndi malo ogwirira ntchito, aphunzitsi oyang'anira, ndi wina wolipira pampu yachiwiri yoyamba ikapsa, komanso wolipira ndege kuti akaone ndi maso awo chipinda chimene makina awo akakhalamo.

Ndipo tikatsata mbiri ya Pumani timaona kuti pa sitepe iliyonse panali dzanja lopereka. Mu 2013 a Richards-Kortum ndi a Oden analandira mphotho ya Lemelson-MIT ya madola 100,000, ndipo ndalamazo anazipereka kuti zithandize kukulitsa chipinda cha makanda ku Gulupu. Mu 2016 a Richards-Kortum analandira MacArthur Fellowship, ndalama zokwana madola 625,000 zimene pa nthawiyo zinkaperekedwa kwa munthu m'zaka zisanu popanda kumulamula chochita nazo. Mu 2017 gulu lawo linafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa MacArthur Foundation wotchedwa 100&Change ndipo linalandira madola 15 miliyoni. Kuchokera pamenepo, mu 2019, kunakhazikitsidwa mgwirizano wa NEST360, umene unayamba ntchito yake m'zipatala za ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, ndipo mwa atsogoleri ake munali Amalawi monga Dokotala Queen Dube ndi Pulofesa Theresa Mkandawire, amene anali mkulu wa maphunziro a uinjiniya pa Polytechnic.

Gawo la mbiriyi limene limatikhudza kwambiri ife ndi lakuti ndalama zina zinaikidwa pa ophunzira a kuno. Cha m'katikati mwa zaka za m'ma 2010 sukulu ya Polytechnic ku Blantyre, imene mu 2021 inasanduka yunivesite payokha ya MUBAS, inayamba kuphunzitsa uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala. Yunivesite ya MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, nayonso imaphunzitsa maphunzirowa. Mu 2016, ndi thandizo la Lemelson Foundation, pa Polytechnic panatsegulidwa chipinda chapadera chokhala ndi zida, chomwe ophunzira amapangiramo zimene aganiza. Ophunzira ena a kuno anasankhidwa kupita ku Houston kwa masabata angapo, zonse zolipiridwa, kukagwira ntchito limodzi ndi anzawo a ku Rice, ndipo a ku Rice ankabwera ku Blantyre. Matenda a Covid-19 atafika mu 2020, malire atatsekedwa ndipo zinthu zakunja zikusowa, m'chipinda chomwecho munatuluka zotchingira kumaso za ogwira ntchito m'zipatala. Mmera mpoyamba, amatero akuluakulu. Amene anathirira mbewuyo mu 2016 sankadziwa za mliri.

Komabe tisakometse nkhani mopitirira. Malo otere ndi ochepa, ophunzira ndi ambiri, ndipo mipata ya ulendo kapena ya ndalama za kafukufuku imagwera anthu owerengeka pa chaka. Otsalawo amachita pulojekiti yawo ya chaka chomaliza ndi za m'thumba mwawo, kutanthauza za m'thumba mwa makolo awo. Mlongo wathu ali m'gulu limeneli.

Chimene akufuna kupanga chinachokera pa msewu wathu womwewu. Makina a Pumani atafika m'zipatala za m'maboma, ofufuza anapeza kuti ana ambiri ankamwalirabe ngakhale ali pa makinawo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kuzizidwa. Ife tinadabwa. Kuzizidwa, ku Phalula kuno, komwe mwezi wa Novembala ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa ngolo? Koma mwana wobadwa masiku asanakwane alibe mafuta m'thupi, khungu lake n'lopyapyala, ndipo amataya kutentha ngakhale ife akuluakulu tikutuluka thukuta. N'chifukwa chake azaumoyo amalimbikitsa njira ya kangaru, yomangirira mwana pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, imene m'dziko muno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Tsono mwana akabadwira pa chipatala chaching'ono n'kutumizidwa ku chachikulu, pa ulendowo palibe amene akudziwa ngati akuzizidwa kufikira atafika. Mlongo wathu akufuna kupanga kachipangizo kakang'ono, kotchipa, komangirira pa mwana, koti kazilira thupi likayamba kuzizira kuti mayi kapena woperekeza amufunditse bwino. Iye mwini amanena poyera kuti zofanana nazo zilipo kale kwina; funso lake ndi lakuti kodi kangapangidwe ndi zida zopezeka ku Limbe, kolimba pa fumbi ndi pa mabampu, koti batire yake ikatha munthu angaigule pa golosale.

Koyamba kanapsa mwezi wa Juni. Tizida tina tofunika m'kati mwake timachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, zonse zoterezi zinakwera osatsikanso. Bambo ake anagulitsa mbuzi kuti agule tachiwiri. Mbuzi yachitatu palibe.

Apa mkangano unabuka pakati pathu, ndipo tiulemba monga unalili. Ena anati ifeyo tisonkhe, monga tinachitira pamene ankapita koyamba, tsiku limene tinamugulira chikwama ndi bulangete. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ena anati ayi, ndalama zathu za ganyu ndi za tomato n'zochepa, ndipo m'gulu mwathu muli ana atatu amene sanalipire ndalama za mayeso a MSCE. Kodi tiike ndalama pa chipangizo chimene mwina chipsanso, kapena pa mayeso a ana amene akapanda kulemba basi kwawo kwatha? Onse awiri ankanena zoona. Mmodzi wa akuluakulu a gulu, mphunzitsi wa ku pulayimale, ananena kuti ntchito yolipira kafukufuku si ya ana osauka ogulitsa tomato, ndi ya boma, ya makampani ndi ya mabungwe amene ali ndi matumba a ntchito imeneyi, ndipo chimene ife tingachite ndi kuthandiza mlongo wathu kuti dzanja lake lifike pa matumbawo. Ambiri tinagwirizana naye, ngakhale kuti ena anachoka akung'ung'udza.

Matumbawo alipodi, makamaka kwa amene amaliza digiri yoyamba ndipo akufuna kupitiriza kafukufuku. Bungwe la Beit Trust limapereka masikolashipu a maphunziro apamwamba kwa nzika za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zokha. Pali Commonwealth Scholarship ya ku Britain. Pali Rhodes Scholarship yopitira ku Oxford, imene Amalawi amaloledwa kupikisana nawo. Pali Mastercard Foundation, imene imalipirira ophunzira a mu Africa m'mayunivesite angapo, kuphatikizapo University of Cape Town, komwe maphunziro a uinjiniya wa zachipatala anakhazikika kalekale. Mnyamata wina anafunsa ngati si manyazi kumangotambasula dzanja kwa azungu. Mphunzitsi uja anamukumbutsa kuti Alfred Beit, amene anamwalira mu 1906, ndi mnzake Cecil Rhodes analemera ndi dayamondi ndi golide wa ku South Africa, ndipo m'migodi ya golide ya dziko limenelo agogo athu ambiri anakasiyamo mphamvu zawo, ena mapapo awo, pa nthawi ya Wenela. Mdzukulu wawo akalemba kalata yopempha sikolashipu yoteroyo alembe mutu uli chilili.

Chimene chinatitsegula maso n'chakuti mpikisano wa ndalama zimenezi umayamba kale munthu asanaone fomu. Mlongo wathu anati tsiku loyamba m'kalasi anakhala pafupi ndi anzake amene anagwirapo zida za mu labotale kuyambira Fomu 1, pamene iye zambiri anangoziona zojambulidwa pa bolodi ndi choko. Anzakewo ankadziwa kulemba kalata yodzifotokoza, ankadziwa kuti mphunzitsi amapemphedwa kalata ya umboni mwezi wathunthu tsiku lotsekera lisanafike, anali ndi malaputopu, ena anali ndi mapasipoti kale. Iye chaka choyamba anaphonya mwayi wina chifukwa chakuti uthenga wake unafika ali kuno ku tchuthi, foni ilibe bandulo, ndipo anauona patapita masiku anayi chitsekereni. Palibe amene anamuchitira nkhanza pamenepo. Mwayiwo unalengezedwa kwa onse mofanana, koma ena anali pafupi ndi khomo ndipo iye anali ku Phalula.

Kwa ang'ono athu a ku sekondale amene munamvetsera tsiku lija maso ali tong'o, iye anasiya malangizo ochepa, ndipo tiwabwereza kuti amene kunalibe amve. Khomo la maphunziro amenewa ndi masamu, physics, chemistry ndi biology, pamodzi ndi Chingerezi. Amene athawa maphunzirowa ku Fomu 3 chifukwa anzake akuti ndi ovuta wadzitsekera yekha. Kusankhidwira ku mayunivesite a boma kumadzera ku bungwe la National Council for Higher Education, ndipo munthu amalembetsa yekha zotsatira za MSCE zikatuluka, sadikira kuitanidwa. Za ngongole amafunsiranso payekha ku Loans Board, ndipo nako kuli tsiku lotsekera. Anawonjeza chenjezo limene tikulilemba ndi mtima wonse, chifukwa banja lina la kuno linataya ndalama za thonje chaka chatha: sikolashipu yeniyeni siikupempha kuti utumize ndalama pa foni kuti dzina lako lilowe. Amene wakuimbira kuti wapambana sikolashipu imene sunafunsire ndi wakuba. Safunsa anadya phula. Mukalandira uthenga wotero kaonetseni aphunzitsi anu musanachite kanthu.

Pali nkhawa ina imene sitinainene pamaso pake, koma tinainena iye atachoka. Sikolashipu ndi njira, ndipo njira imapita ndi munthu kutali. Tikudziwa ana a m'dera lino amene anapita kukaphunzira kunja ndi lonjezo lobwerera, ndipo lero timangowaona pa Facebook atavala majekete a chisanu. Sitikuwaweruza. Munthu amene waphunzira kupanga zipangizo amafuna malo okhala ndi zida, ndi malipiro oti adyetse abale ake, ndipo akabwerera n'kupeza kuti ntchito palibe, kapena ilipo koma ndi yongolemba mndandanda wa makina akufa popanda ndalama zogulira zida zosinthira, mtima umabwerera kumene wachokera. Apa ndi pamene taona kuti ndalama zoikidwa m'zipinda zopangira zinthu za ku Blantyre ndi ku Thyolo, ndi pa kafukufuku wochitikira m'zipatala zathu zomwezi, zili ndi phindu limene sikolashipu ya kunja payokha ilibe. Zimamupatsa munthu chifukwa chokhalira. Zimachititsanso kuti funso lofufuzidwa likhale lochokera kuno. Wophunzira wa ku Houston, ngakhale akhale wa mtima wabwino chotani, sangalote za mwana wozizidwa m'galimoto pa msewu wa M1 pakati pa Phalula ndi Balaka kufikira wina atamuuza. Mlongo wathu sanachite kuuzidwa.

Pomaliza pake tinagwirizana zochepa, zolingana ndi msinkhu wathu. Ndalama za m'thumba la gulu zipita ku mayeso a ana atatu aja. Mphunzitsi uja anadzipereka kuwerenga ndi kukonza Chingerezi cha kalata zimene mlongo wathu akulemba, imodzi yopempha ndalama zomalizira pulojekiti, ina yofunsira sikolashipu ya digiri yachiwiri. Anyamata awiri amene amachaja mafoni pa msika analonjeza kuti nthawi iliyonse akakhala kuno ku tchuthi foni yake izikhala ndi moto ndi bandulo. Mayi wina wa m'bungwe la amayi, amene anagwirapo ntchito ya uzamba asanapume, anati abwere kunyumba kwake amuuze mmene amayi amamangira makanda pa ulendo, kuti kachipangizoko kasadzakhale pamalo pamene mfundo ya chitenje imadutsa. Mlongo wathu anati zimenezi sanaziganizepo, ndipo anatulutsa kope nalemba.

Wabwerera ku sukulu Lachitatu m'mawa. Tinamuperekeza anthu asanu mpaka pa siteji. M'chikwama munali ufa, mtedza wokazinga ndi malambe a anzake a m'chipinda, ndipo kachipangizo kachiwiri kaja anakakulunga m'masokosi n'kukaika m'chitini cha Blue Band, chimene anakana kuti kondakitala aike kumbuyo ndi katundu. Anachigwira pamiyendo. Yankho la kalata yoyamba akuti lidzatuluka mwezi wamawa. Botolo la Sobo lija likadali pansi pa mtengo, ndipo dzulo tinapeza ana a Tilitonse akulimbirana kuuzira.